Tiri Tonse: Maganizo pa Zoonerera Woonerera

Pa tchuthi chapitachi ndinatsika basi pa Golomoti dzuwa liri paliwombo, ndipo podikira galimoto yopita ku Mua ndinakausa pakhonde la kagolosale kena kamene anthu amatchajitsapo mafoni. Pakhondepo panali anyamata asanu ataunjirira foni imodzi, mitu itagundana ngati anapiye pa gaga. Nanenso ndinasuzumira. Anali kuonerera mkulu wina wa kunja, atavala zomvera m'makutu, akumvera nyimbo ya agogo Giddes Chalamanda imene anaimba pamodzi ndi Patience Namadingo. Oimba eni akewo anali pakangodya ka galasi la foni, malo osaposa sitampa ya pakalata. Ponse potsala inali nkhope ya mlendoyo. Nyimbo itafika pokoma mkuluyo anatsinzina, nagwira mutu ndi manja awiri, napukusa. Pomwepo anyamata aja anakuwa kuti, “Yamulowa! Yamulowa!” Ine, mwana wa pa yunivesite amene ndimalemba mayeso a filosofi, ndinakuwa nawo.

Galimoto iri mkati modutsa malambe a mu msewu wa ku Mtakataka, funso linayamba kundiluma. Nyimbo ija tonse tinali kuidziwa. Panalibe woimva koyamba kupatula mlendoyo. Nanga tinatayiranji bandulo kuti tione munthu akumva chimene ife tinamva kale? Ndipo chimene chinandivuta koposa nchakuti tsiku limenelo nyimboyo inandikomera kuposa masiku onse amene ndinaimva. Kodi chinasintha ndi nyimbo, kapena ine?

Kwa aphunzitsi athu ena amene foni amangoimbira ndi kuyankhira, ndiyambe ndafotokoza. Makanema amenewa pa Chingerezi amawatcha ma reaction video. Munthu amalozetsa kamera kumaso kwake, natsegula nyimbo, filimu, mpira kapena nthabwala ya munthu wina, ndipo amadzijambula akuonerera: kuseka kwake, kudzidzimuka kwake, misozi yake, ndi ndemanga ngati ali nayo. Akatha amaponya pa YouTube, pa TikTok kapena pa Facebook. YouTube inayamba mu 2005, ndipo mu 2010 abale awiri a ku America, Benny ndi Rafi Fine, anayamba kujambula ana akuonerera makanema otchuka m'pulogalamu imene anaitcha Kids React. Malonda anayenda kotero kuti mu 2016 abalewa anayesa kulembetsa mawu akuti React kuti akhale chizindikiro cha malonda awo okha. Anthu anakwiya, ndipo patangopita masiku owerengeka abalewo anabweza ganizolo. Mkwiyowo unali ndi nzeru yake: kudabwa si munda wa munthu mmodzi woti nkuuikira malire.

Chifukwa choyamba chimene makanemawa amakondedwera nchakale kuposa foni. Munthu sakonda kuonerera yekha. Kwathu nthano siyenda ndi wokamba yekha. Agogo akati “Padangotero,” amaima kaye, ndipo ngati palibe woyankha kuti “Tiri tonse,” nthano imafera pomwepo. Mawu awiri amenewo sawonjezera kanthu pa zochenjera za Kalulu. Komatu popanda iwo nkhalamba imasanduka munthu wolankhula yekha pamoto. Pitani pabwalo tsiku la gule. Chirombo chikafika amayi amavomera nyimbo naomba m'manja, ana amabalalika nabwereranso, akuluakulu amasupa. Chotsani zonsezo, musiye chirombo ndi ng'oma zokha, muona kuti latsala ndi fumbi. Ngakhale m'mavidiyo sho a pa Golomoti ndi pa Mtakataka, filimu yokoma ndi imene ili ndi DJ womasulira m'Chichewa, amene samangomasulira ayi, koma amaseka, amanyoza chigawenga, amachenjeza mwini filimu kuti mdani ali kumbuyo, napatsa anthu a ku China maina a kwathu konkuno. Ameneyo ndi woonerera mnzathu amene wapatsidwa chimkuzamawu.

Tsono foni inatiikira kanema m'thumba, koma inatilanda benchi. Wophunzira amagona m'chipinda chake ku hositelo usiku, zomvera ziri m'makutu, namva nyimbo yomugwedeza mtima, koma akatembenuka alibe womugunda ndi chigongono. Nkhope ija ya pa galasi imadzakhala pamalo pa mnzake wa pa benchi. Akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba kale mu 1956 kuti omvera wailesi ndi oonera wailesi ya kanema amafika pomuyesa muulutsi bwenzi lawo lenileni, chikhalirecho iye sakuwadziwa nkomwe. Ubwenzi wake ngwa mbali imodzi, koma kusungulumwa kumene umachiza nkoona. Nchifukwa chake kuyambira pano wopanga makanemawa ndimutcha wovomera, pakuti ntchito imene amati akugwira ndi ya uja woyankha kuti “Tiri tonse.”

Chifukwa chachiwiri nchakuti chinthu umachimva koyamba kamodzi kokha. Tsobola wakale sawawa. Nyimbo imene inakuliza uli Fomu 2, lero umaimva uku ukuchapa, osaima nkomwe. Adam Smith, m'buku lake la 1759 lonena za chikhalidwe cha mtima wa munthu, anaona kuti buku limene tawerenga mpaka kutopa nalo limatikomeranso tikamawerengera mnzathu amene sanalimvepo, chifukwa timalowa m'kudabwa kwake. Tonse timazidziwa izi. Ndani mwa ife amene sanatengerepo mnzake wa ku Zomba kapena ku Mzuzu pa msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, nayang'ana nkhope ya mnzakeyo m'malo moyang'ana chigwa pamene nyanja yaonekera patali? Mu 2020 mapasa awiri a ku Gary, ku Indiana, Tim ndi Fred Williams, anadzijambula akumva koyamba nyimbo ya Phil Collins ya 1981, In the Air Tonight. Pamene ng'oma zinalowa modzidzimutsa nyimbo itapita kale patali, anyamatawo anachita ngati agwa pampando. Anthu miyandamiyanda anaonerera, ambiri mwa iwo akuluakulu ofuna kubwereka makutu a ana, ndipo nyimbo ya zaka 39 inabwereranso pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri.

Zifukwa ziwirizi nzopanda manyazi. Chachitatu ndicho chimandiwawa, pakuti ndicho chinali pakhonde paja. Sitinakuwe kuti “Yakoma!” Tinakuwa kuti “Yamulowa!” Chimwemwe chathu sichinali pa nyimbo, chinali pa chigamulo. Agogo Chalamanda anabadwa mu 1930, ndipo akhala akuimba ndi gitala lawo zaka zambiri ife tisanabadwe. Kanema wawo ndi Namadingo anatuluka mu 2020, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 nyimbo ya Linny Hoo inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok, pamene manyuzipepala ankalemba kuti mwini wakeyo analibe ngakhale foni yolowera pa intaneti. Nanga ife, amene chinenero cha nyimboyo ndi chathu, tinadikiriranji kuti munthu wosamva liwu ndi limodzi lomwe agwire mutu, kuti tikhulupirire kuti tiri ndi chuma? Mwana amene sayamikiridwa pakhomo amathamangira mlendo aliyense kukamuonetsa chidole chake cha dongo. Ovomera ambiri anaitulukira njala imeneyi. Amadziwa kuti akaika dzina la dziko laling'ono pa mutu wa kanema, eni dzikolo abwera mwaunyinji kudzamva akutamandidwa.

Tafika tsono pa funso lachiwiri, lakuti kodi makanemawa amawonjezera kanthu. Mlandu woyamba umene amaimbidwa ngwa kukolola posalima. Woimba amapeka, amalipira situdiyo, amagona ndi njala. Wovomera amangofuna mpando ndi kamera. Pa makanema ake aatali YouTube imapereka 55 pa 100 iliyonse ya ndalama za otsatsa malonda kwa mwini kanema, ndipo ngakhale pali njira yoti mwini nyimbo alondole ndalamazo, njirayo imathandiza woimba amene ali ndi kampani yomuyang'anira zinthu, osati wa gitala la chigubu wa pa msika wa Golomoti. Nkhaniyi inafikapo kukhoti. Mu 2017 khoti la ku New York linaweruza mlandu umene Matt Hosseinzadeh anasumira Ethan ndi Hila Klein chifukwa chogwiritsa ntchito zidutswa za kanema wake. A Klein anapambana, pakuti anali kuimitsa kanemayo pafupipafupi, kumusanthula ndi kumudzudzula. Koma woweruza anachenjeza kuti chigamulocho sichikuphimba makanema onse a mtundu umenewu, makamaka aja amene angofanana ndi gulu la anthu loonerera limodzi popanda ndemanga. Kuno kwathu tiri ndi bungwe la COSOMA kuchokera mu 1992 ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Komabe funso langa si la khoti. Pabwalo palibe lamulo lolembedwa lokakamiza munthu kusupa, koma amene wavina ndi maso tsiku lonse nachoka osaponya ngakhale kakobiri, mudzi umamudziwa.

Mlandu wachiwiri ngwaukulu kuposa woyamba: nkhope ya wovomera iri pa malonda. Ngati misozi imabweretsa oonerera, ndipo oonerera amabweretsa ndalama, misozi idzagwa tsiku lirilonse ngati mvula ya mu Januwale. Taonani zithunzi zimene amaika pachikuto cha makanema awo: kukamwa yasa, maso tong'o, manja kumutu, lero, mawa ndi mkuja. Kodi pali munthu amene nyimbo iriyonse imamudabwitsa chimodzimodzi? “Tiri tonse” wa pamoto anali ndi mphamvu chifukwa ankatha kuzirala. Nthano ikatalika mayankho ankachepa, ena nkuyamba kusinza, ndipo agogo ankadziwa kuti afupikitse. Chivomerezo cha munthu amene sangathe kukana nchopanda pake, monga umboni wa mboni yogulidwa. Ndipo ife tikazolowera kudikira nkhope ya wina kuti tidziwe poseka ndi polira, tasanduka aja otuma anzawo kumsonkhano. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ife ophunzira tiyenera kuchita mantha pamenepa, pakuti matendawa timawadziwa kale: timawerenga zimene wosanthula wanena za buku tisanatsegule bukulo, kenaka nkulemba maganizo ake ngati athu.

Mlandu wachitatu ndiufotokoza ndi chimene ndinaona. Mnzanga wina ananditumizira kanema wa mnyamata wa kutsidya kwa nyanja akuonerera gule wamkulu wojambulidwa pa foni. Mutu wa kanemayo unalonjeza zoopsa za mu Africa. Chirombo chofiira kumaso chitalowa pabwalo, mnyamatayo anabisa nkhope, nakuwa, naseka, nanena kuti usiku sagona. Sanafunse kuti pabwalopo panali maliro, chinamwali kapena kulonga ufumu. Sanafunse dzina la chirombocho. Akadafunsa akadauzidwa kuti ameneyo ndi Simoni, ndipo kuti kufiira kuja ndi kwa Mzungu wopsa ndi dzuwa. Anali kudziona yekha osadzizindikira.

Za kudambwe sizikambidwa m'magazini, ndipo sindizikamba. Koma izi nzapoyera, ndipo aliyense wolowa m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare ku Mua, mmene muli nkhope za gule zoposa 400, akaziona. Abambo Oyera anafika ku Mua mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa mishoni ndi nyau unali woopsa. Makolo athu analibe nyuzipepala yoyankhira. Anayang'anitsitsa alendowo, mayendedwe awo, mavalidwe awo, ziphunzitso zawo, ndipo yankho lawo linatulukira pabwalo: Simoni, Maliya ndi anzawo. Ngati tikufuna wovomera weniweni, ndi ameneyo. Simoni ndi ndemanga ya mudzi pa mlendo. Koma taonani kusiyana kwake. Ndemanga imeneyo inafuna kupenyetsetsa kwa zaka, inali ndi chiweruzo mkati mwake, inaphunzitsa ana chotsanzira ndi chopewa, ndipo inali ndi ngozi kwa oinena. Mnyamata wa pa kanema uja anapereka mphindi zinayi ndi kukuwa kumodzi. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005, koma kwa oonerera kanema uja anakhala choopsezera ana.

Wina asandimve ngati ndikuti mlendo alibe chonena pa zathu. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher, wochokera ku Canada, amene anafika m'Malawi mu 1967 nayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, anathera zaka makumi akufunsa, akulemba ndi kumvera eni gule, ndipo buku lawo la 2012 lofotokoza zirombo ndi nyimbo zake ndi chipatso cha kudekha kumeneko. Nawonso poyamba anali munthu wodabwa ndi chinthu chachilendo. Kusiyana kwawo ndi mnyamata uja si khungu kapena kwawo; nkwakuti wina anadabwa nayamba kufunsa, wina anadabwa nagulitsa kudabwako.

Ndikadatsekera pamenepa ndikadakhala woweruza wokondera, pakuti kunyumba kwathu kuli mboni ya mbali inayo. Ndiri ndi mlongo wanga wamng'ono amene samva, ndipo anaphunzira pa sukulu ya ana osamva ya ku Mua. Iye nyimbo amaimva m'njira ziwiri: kugunda kwa ng'oma pachifuwa, ndi nkhope za anthu. Pa tchuthi chomwecho ndinamupeza akuonerera mayi wina wophunzitsa kuimba akusanthula nyimbo, mawu ake akulembedwa pansi pa chithunzi. Mayiyo ankaimitsa nyimbo, naonetsa ndi dzanja pamene liwu lakwera, pamene lanjenjemera, pamene woimba wapuma. Mlongo wangayo anandiuza ndi manja kuti tsopano wadziwa chifukwa chake amayi athu amatsinzina pa malo ena a nyimbo za kutchalitchi. Amakondanso Khaby Lame, mnyamata wobadwira ku Senegal nakulira ku Italy, amene mu 2022 anaposa onse pa TikTok pa chiwerengero cha omutsatira, osalankhula liwu ndi limodzi lomwe. Ntchito yake nkuonerera anthu ovutitsa zinthu zapafupi, kenaka iye nkuchita chinthu chomwecho mosavuta, natambasula manja. M'manja amenewo muli chiweruzo chathunthu. Ndani anganene kwa mlongo wanga kuti nkhope ya munthu siwonjezera kanthu?

Choncho yankho langa si lakuti inde kapena iyayi. Wovomera ndi wofunika monga momwe aliri wofunika mayi woomba m'manja pabwalo, koma pali kuvomera kwa munthu amene ali nafe, ndi kuvomera kwa munthu amene akutidyera. Powasiyanitsa ine ndimafunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi wabwera ndi chiyani chimene ndinalibe? Woimba amene akundionetsa mmene zala za agogo Chalamanda zimayendera pa gitala, kapena mkulu wa mudzi amene akufotokoza chifukwa chake chirombo chakuti chimatuluka pa maliro a mfumu, wandipatsa maso. Lachiwiri: kodi munthuyu akadatha kunena kuti sizinamukomere? Ngati m'makanema ake onse mulibe tsiku limodzi limene anakana, ndiye kuti kuvomera kwake nkwa makina. Lachitatu: kodi wasupa? Kodi watchula mwini ntchito, walozera anthu kumene angaipeze, wagawako phindu? Mapasa a ku Indiana aja anabwezera anthu kwa mwini nyimbo. Amene amaika kanema wa mnzake yense wathunthu, iye nkumadya chipisi pakangodya, amachotsa anthu kwa mwini wake.

Koma pali funso lachinayi limene silipita kwa wovomera. Limabwera kwa ine. Kodi kanema uja atatha ndinabwerera ku nyimbo, kapena ndinangofunafuna nkhope ina yoti indiuzenso kuti ndife anthu? Ndiyankhe moona: usiku umenewo ndinaonerera alendo ena anayi akumva nyimbo yomweyo, mpaka bandulo inatha, ndipo nyimbo yeniyeniyo sindinaimvere ndi kamodzi komwe.

M'mawa mwake ndinabwereka foni ya mlongo wanga imene munali nyimboyo, ndinapita kwa agogo anga aakazi amene anali kusola mtedza pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinaitsegula. Sanagwire mutu. Sanatsinzine. Anapitiriza kusola, phazi lokha likugunda pansi. Itatha anati, “Gideyu mawu sanathe,” ndipo anayamba kundiuza za wailesi yoyamba imene agogo anga aamuna anabwera nayo kuchokera ku Halale, mmene anthu a nyumba zinayi ankasonkhanira pakhomo pathu madzulo, ndi mmene mabatire ankawayanikira padzuwa kuti awonjezere mphamvu. Anakamba mpaka mtedza unatha m'lichero. Pena pake anaima nandiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti akudikira. Panalibe kamera, panalibe wondiuza pochita nkhope. Ndinati, “Ndikumva, agogo.” Iwo anapitiriza.